Mowa ukathawira m'ngalande: zokonza pafakitale yotchezera musanathire simenti

Tinali tikupopa sipiriti kuchoka mumgolo wa malita 200 kupita m'thanki yosungunulira. Mnyamata amene ankayang'anira pampu anaitanidwa pageti kuti akalandire mabotolo, ndipo paipi yofewa ija, yomwe tinangoimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, inavuka. Pamene ndinkalowa, simenti yonse inali itanyowa, fungo likulasa m'maso, mowa ukuyenderera mwakachetechete kulunjika pachibowo cha pakati pa chipinda. Sunachite chithaphwi ayi. Mmisiri anapendeketsa pansipo bwino kwambiri moti zonse zinamira m'mphindi zochepa.

Chibowo chimenecho ndinachita kulamula ndine. Tikumanga ku Luwinga mu Mzuzu, mmisiri anandifunsa kuti, "Abwana, madzi otsukira pansi azitulukira kuti?" Ine ndinati alumikize ku septic tank, pamodzi ndi zimbudzi. Maganizo anga anali pa madzi a sopo basi. Funso lomwe sitinafunsane linali lakuti: thanki yaikulu itang'ambika usiku kulibe munthu, mowawo ukaima pati?

Madzulo ake fungo la mowa linkatulukira m'chimbudzi cha antchito, momwe alonda athu amaikamo kandulo magetsi akazima. Ndinawatsatira kukanyumba kawo n'kuwauza kuti, "Adada, usiku uno chonde musayatse chilichonse, ngakhale fodya." Anandiyang'ana n'kungoti amva. Ine tulo sindinatione.

Vuto limeneli limabwerabwera kwa ambiri amene akuchoka pa kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba n'kuyamba kafakitale kolembetsedwa. Timawononga ndalama pa mphika wotchezera, pa matanki ndi pa mabotolo, koma pansi pomwe zonsezi zikhale timangomusiyira mmisiri.

Chifukwa chake msampha sugwira mowa

Anthu ambiri akamva za vutoli amathamangira kumanga kadzenje kolekanitsa mafuta ndi madzi, konga ka pagalaja kapena kuseri kwa lesitilanti. Kameneko kamagwira ntchito chifukwa mafuta amayandama. Mowa suyandama. Umasakanikirana ndi madzi kotheratu, moti ukangolowa m'paipi palibe sefa kapena msampha umene ungaubweze. Madzi akatayika saoleka, ndipo mowa m'madzi ndiye kuposa pamenepo. Choncho ntchito yonse yoteteza iyenera kuthera pamwamba, mowa usanapeze chibowo.

M'paipimo umachita zoipa ziwiri. Choyamba ndi moto. Ethanol weniweni, ndiye kuti mowa wosasakaniza ndi madzi, amayamba kutulutsa nthunzi yogwira moto pa madigiri 13 okha, wa 70% pa madigiri pafupifupi 21, ndipo ngakhale wa 40%, womwe timauona ngati wofatsa, pa madigiri pafupifupi 26. Wina anena kuti Mzuzu n'kozizira. N'zoona m'mawa wa mu June, koma masana a mu October amadutsa pamenepo, ndiponso paipi ya fakitale yotchezera simazizira chifukwa mumadutsa madzi otentha. Nthunziyo imalemera pafupifupi ka 1.6 kuyerekeza ndi mpweya wamba, ndiye siuluka. Imakwawa pansi, kutsata paipi, n'kukaunjikana m'ma manhole (maenje a zivundikiro oonera mapaipi) ndi m'maenje ena. Ikakwana magawo 3.3 pa magawo 100 alionse a mpweya, kamoto kakang'ono ka switchi kapena chishiki cha fodya n'kokwanira. Lawi lake ndi lobiriwira motuwa, masana silioneka bwino, munthu amazindikira atapsa kale. Ku Guadalajara m'dziko la Mexico, pa 22 April 1992, nthunzi ya petulo yomwe inadzaza m'mapaipi a suweji inaphulitsa misewu n'kupha anthu oposa 200. Uyo anali petulo, koma njira yomwe nthunzi imayendera pansi pa nthaka ndi yomweyo.

Chachiwiri n'chakuti mowa umalanda oksijeni m'madzi. Tizilombo tosaoneka ndi maso timaudya, ndipo kuti timalize lita imodzi ya ethanol weniweni pamafunika oksijeni woposa kilogalamu imodzi ndi theka. Madzi abwino a mumtsinje amakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 8 pa lita. Mukawerengetsa, lita imodzi imeneyo ingathe kumaliza oksijeni yense wa m'malita pafupifupi 200,000 a madzi. Mu July 2019 nyumba yosungiramo mowa ya Jim Beam ku Kentucky inapsa ndi migolo pafupifupi 45,000, mowa unatsikira mumtsinje wa Kentucky ndipo nsomba zinafa zosawerengeka. Mtsinje wathu wa Lunyangwa m'chilimwe ndi wamng'ono kutalitali poyerekeza ndi mtsinje umenewo, ndipo m'mbali mwake muli madimba ndi anthu ochapa.

Yambani mwadziwa komwe chibowo chilichonse chimathera

Malo ambiri mu Mzuzu sanalumikizidwe ku suweji. Chibowo chanu chimathera kumodzi mwa kutatu: ku septic tank, m'dzenje lomwetsa madzi m'nthaka, kapena m'ngalande ya mvula ya m'mbali mwa msewu. Ngati mwachita lendi shedi yomangidwa kale, musakhulupirire zomwe akuuzani eni ake, pakuti nthawi zambiri nawonso anaigula ili choncho. Sungunulani utoto wa zakudya m'ndowa, thirani m'chibowo chimodzi, wina aime pa manhole, wina kukalavati kunja kwa mpanda. Tsiku limodzi chibowo chimodzi, kuti musasokoneze. Ife titachita zimenezi tinapeza kuti sinki yotsukira mabotolo, yomwe tonse tinkati imapita ku septic, inkatulukira m'ngalande ya kuseri kwa khoma, pomwe ana amadutsa popita kusukulu.

Mukatero jambulani papepala, mupachike pakhoma. Madzi a pafakitale yotchezera ali mitundu isanu: a mvula, a kuchimbudzi, oziziritsira, otsukira, ndi otsala mumphika mukatha kutcheza. Uliwonse ukhale ndi njira yakeyake. Mavuto ambiri omwe ndawaona amayamba pomwe ziwiri mwa njirazi zakumana.

Pansi ndi khoma lotchinga

Apa ndiye pagona nkhani. Paliponse pomwe pali mowa wamphamvu, kaya posungira, posungunulira kapena pothirira m'mabotolo, pasakhale chibowo cholumikizana ndi kunja. Pansi papendekere ndithu, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse, koma kuloza kukadzenje ka simenti kopanda potulukira. Zomwe zagwera m'menemo mumazichotsa nokha ndi pampu yamanja, mutaziona ndi kuzinunkhiza. Ndikudziwa kuti antchito amadandaula, amati kukolopa kwasanduka ntchito yowawa. Ndi bwino adandaule.

Matanki azunguliridwe ndi khoma lalifupi lomwe mainjiniya amati bund, ngati beseni lalikulu la simenti. Muyeso womwe amagwiritsa ntchito kawirikawiri ndi wakuti beseni lithe kusunga 110% ya thanki yaikulu kwambiri, kapena 25% ya mowa wonse uli m'menemo, n'kutenga nambala yokulirapo. Tinene kuti thanki yanu ndi ya malita 1,000. Mufunika malo a malita 1,100. Pansi pa mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi, khoma lotalika masentimita 15, pamalowa malita 1,350. Zikuoneka zokwanira, koma chotsani malo omwe migolo ina yakhalapo, chifukwa pomwe pali mgolo mowa sungakhalepo. Mukaikamo migolo isanu ndi umodzi, khoma lija latsala pang'ono kuchepa. Ine ndimati kwezani mzere umodzi wa njerwa kuposa zomwe masamu anena. Mtengo wa njerwa zimenezo sufika ndi pa mgolo umodzi womwe.

Njerwa zokha zimamwa. Pakhale pulasitala wolimba m'kati, makona akhale obulungira, ndipo ngati thumba likulola pakani penti wolimba wa epoxy. Mmisiri akamaliza, musathamangire kuikamo matanki. Dzazani madzi, lembani mzere ndi choko, mubwere mawa nthawi yomweyo. Madzi akatsika mooneka, pali potayira, ndipo nthawi zambiri ndi pomwe khoma lakumana ndi pansi. Paipi iliyonse idutse pamwamba pa khoma, osati kuboola. Mmisiri wa mapaipi adzakuuzani kuti kuboola n'kosavuta ndipo adzamata bwino. Pakatha chaka pomatapo pamakhala patasweka.

Pakhomo pa chipinda muumbe kachitunda ka simenti ka masentimita 10, kotsetsereka mbali zonse kuti wilibala izidutsa. Chipinda chonse chimasanduka beseni lachiwiri.

Nanga amene anamanga kale, chibowo chilipo? Njira yachangu ndi kutseka ndi chitsekero cha mphira chomanga ndi bawuti, chija chimafufuma mukamanga. Njira yokhalitsa ndi kudula paipiyo kunja kwa khoma n'kuilozetsa m'thanki yodikirira, yokhala ndi valavu yotuluka yomwe imakhala yotseka nthawi zonse, ndi loko. Kiyi asunge munthu mmodzi. Valavu yomwe imakhala yotsegula, n'kumati tidzatseka ngozi ikachitika, ilibe ntchito, chifukwa ngozi imachitika munthu ali kugeti. Thanki yodikirirayo ikhale ndi paipi yopumira yokwera kupitirira denga, kutali ndi moto wa mphika, ndipo munthu asalowemo. Kuwonjezera pa nthunzi ya mowa, mpweya wa carbon dioxide wochokera m'matanki owiritsira nawonso umatsikira m'maenje, ndipo umakomola munthu asanakuwe.

Musaiwale potsitsira katundu. Migolo ya sipiriti yochokera ku Dwangwa anyamata amaigwetsera pa matayala akale kuchoka m'lole, panja, nthawi zambiri pafupi ndi ngalande ya mvula. Mgolo umodzi ukaphonya tayala n'kumenya mwala, wang'ambika. Malo amenewo akhale a simenti, opendekera m'kati mwa mpanda, ndipo potsitsa chibowo cha mvula chizivundikiridwa ndi mphira wokhuthala ndi matumba a mchenga.

Zizindikiro zomwe zimabwerabwera

Fungo la mowa pa manhole kapena m'chimbudzi pomwe palibe chomwe chatayika. Kawirikawiri ndi timadontho ta tsiku ndi tsiku: mowa wotsukira matanki ndi mabotolo, wotsala m'mapaipi ofewa akamawapachika, ndi mutu woyamba kutuluka mumphika, womwe otcheza ena amangokhuthulira musinki chifukwa suyenera kumwedwa. Mutu umenewo ndiye wamphamvu kuposa zonse. Ukhale ndi chigubu chake cholembedwa. Onaninso kampindo ka paipi pansi pa sinki ndi pachibowo, komwe kamasunga madzi otchinga fungo. Kakauma, nthunzi ya m'paipi imakwera kubwerera m'nyumba.

Khoma lotchinga ladzaza madzi a mvula. Ili ndiye vuto lenileni la Mzuzu, kumene mvula imatha kugwabe mpaka April ndi May anzathu kwina atakolola. Mvula ya mamilimita 100 pa beseni lija la mamita 3 ndi 3 ndi malita 900. Malo a mowa atha. Chotsatira chake wantchito amatenga chizulo n'kuboola khoma kuti madzi azituluka, ndipo bowolo limakhala mpaka kalekale. Folerani pamwamba ndi malata, m'mbali musiye potseguka kuti mphepo izidutsa. Mukamayendera fakitale m'mawa, yang'anani m'munsi mwa khoma kunja kwake. Ndere zobiriwira pamalo amodzi zimaulula bowo.

Thanki ikusefukira yokha popanda woikhudza. Mowa umafufuma ukatenthedwa. Malita 1,000 a sipiriti akakwera ndi madigiri 10 amawonjezeka ndi malita pafupifupi 11. Mukadzaza mpaka pakamwa m'mawa kukuzizira, masana dzuwa likawomba malata mupeza ukutsika m'mbali. Siyani malo pamwamba, ndipo jambulani mzere wofiira womwe wopopa asadutse.

Mowa ukuchepa m'buku koma pansi pali pouma. Nunkhizani madzi oziziritsira. Paipi yamkuwa ya m'kondensa (choziziritsira nthunzi kuti isanduke mowa) ikabooka kabowo konga ka singano, nthunzi imathawira m'madzi, kapena madzi amalowa mumowa n'kuufooketsa. Ngati madzi amenewo mumangowatayira m'ngalande, mowa ukupita nawo tsiku lililonse. Azizungulira kudzera m'thanki, mupulumutsanso bilu ya madzi. Yezaninso zotsala mumphika. Wotcheza wothamangira kuweruka amazimitsa moto msanga, mowa n'kutsalira momwemo.

Magetsi azima mphika uli pamoto wa nkhuni kapena gasi. Pampu ya madzi oziziritsira imaima, koma mphika ukuwirabe. Nthunzi imayamba kutuluka isanasanduke madzi polandirira mowa, n'kudzaza chipinda kuyambira pansi. Thanki ya madzi yokwezeka pansanja, yotsitsa madzi yokha popanda pampu, imakupatsani nthawi yozimitsa moto. Mawindo a m'mwamba okha sathandiza, pakhale timabowo tolowetsa mphepo m'munsi mwa khoma, pamwamba pang'ono pa kachitunda kaja.

Za mphira wa chubu uja, tinagula zomangira zachitsulo chosachita dzimbiri, ndi mapaipi ofewa opangidwira mowa wamphamvu. Lamulo lathu tsopano n'lakuti pampu ikamalira, dzanja la munthu lili pafupi nayo. Akaitanidwa, ayambe wazimitsa. Timalumikizanso mgolo ndi thanki ndi waya wopita m'nthaka, chifukwa mowa ukamathamanga m'paipi umatha kusonkhanitsa magetsi othetheka.

Zotsala mumphika

Mowa umatayika mwangozi, koma izi zimatuluka tsiku lililonse, ndipo ndi zochuluka. Pa lita imodzi ya ethanol mumatsala malita 10 mpaka 15 a madzi abulauni onunkha. Amatuluka atatsala pang'ono kuwira, pomwe paipi ya PVC imayamba kufooka ikadutsa madigiri 60. Ndi owawasa, pH yake (muyeso wa kuwawasa) imakhala pakati pa 3.5 ndi 5, ndiye amadya simenti pang'onopang'ono mpaka miyala ya konkire kuonekera. Mukawathira mu septic tank, tizilombo togaya zonyansa timafooka, thanki imayamba kununkha mowawasa, dzenje lomwetsa limatsekeka, madzi akuda n'kutumphukira pabwalo. M'madera otsika a mzinda uno madzi a pansi ali pafupi ndipo mabanja ambiri amatunga m'zitsime zosazama. Zomwe mwamwetsa m'nthaka lero, mnansi wanu akazitunga.

Khalani ndi matanki awiri olandirira, kuti ina izizizira pomwe ina ikudzaza. Zikazizira ndi kudikha, thirani laimu pang'onopang'ono mukutakasa, n'kumayeza ndi timapepala ta pH mpaka zifike pakati pa 6 ndi 8. Zokhuthala za madeya amayi otcheza kachasu akhala akudyetsa nkhumba kuyambira kale, ndipo n'zothandiza, bola zikhale zozizira ndi zopanda mowa. Ngati mphika wanu ndi wamkuwa, nkhosa musazipatse, mkuwa umazipha. Zamadzimadzi zimalowa bwino m'thanki yopangira gasi wophikira (biogas) kapena pa mulu wa manyowa. Za molasses (zotsala popanga shuga) zili ndi potaziyamu wambiri, zimathandiza m'munda zikamwazidwa mopyapyala, koma zikathiridwa pamodzimodzi zimaotcha mbewu. Madzi a soda wotsukira matanki asakumane ndi za ziweto.

Musanathire simenti, pitani ndi pulani yanu ku khonsolo ya mzinda, ndipo pa pulaniyo paoneke njira zisanu zija. Bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, lomwe linakhazikitsidwa pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017, ndi lomwe lingakuuzeni kafukufuku amene ntchito yanu ifunika. Chilolezo chotayira madzi a m'fakitale chimachokera ku National Water Resources Authority, malinga ndi lamulo la madzi la 2013. Kusintha mzere papepala n'kwaulere, pomwe ife tinachita kuswa simenti ya chipinda chonse.

Ukatayika lero

Tsekani komwe ukuchokera, valavu kapena pampu, ngati mungafikepo osaponda m'chithaphwi. Zimitsani moto wa mphika. Switchi ya m'chipindamo musaikhudze, kuyatsa kapena kuzimitsa, koma kazimitseni pa bokosi lalikulu kunja. Tsegulani zitseko zonse, ndipo onse osafunika atuluke. Kenako thamangirani chibowo, osati chithaphwi: mphira pamwamba, matumba a mchenga pamwamba pake, mchenga wina kuzungulira ngati mzere wa m'munda. Utuchi musathirepo, ngakhale kuti kuno umapezeka paliponse, chifukwa utuchi wonyowa ndi sipiriti ndi nkhuni zodikira machesi. Musakankhire mowa m'ngalande ndi paipi ya madzi poganiza kuti usungunuka. Mgolo umodzi wa 96% umafuna migolo ingapo ya madzi kuti uleke kugwira moto, ndipo ngakhale utaleka, oksijeni wa mumtsinje ukamulandabe chimodzimodzi.

Wola ndi fosholo yapulasitiki, osati yachitsulo yomwe ingathetheke pasimenti. Pampu wamba yamagetsi yomiza m'madzi isalowe m'kadzenje muli mowa. Zomwe mwawola zisungidwe mumgolo wolembedwa, zisabwererenso ku mowa womwa anthu, ndipo lembani m'buku malita omwe atayika chifukwa ndi katundu wa msonkho. Pogula zozimitsira moto, funsani za ufa wouma, kapena za thovu lopangidwira mowa, pakuti thovu wamba mowa umalisungunula.

Ngati walowa kale m'paipi, itanani ozimitsa moto a khonsolo, ndipo yendani khomo ndi khomo kumunsi kwa ngalande kuuza anthu kuti asasonkhe mbaula pafupi ndi kalavati kapena manhole. Zivundikiro muzitsegule mosamala ndi mtengo, osati kumenya ndi chitsulo. Ife tinazisiya zotsegula masiku awiri titatchinga ndi chingwe, antchito akugwiritsa ntchito chimbudzi cha kwa oyandikana nawo, ndipo tinaitana galimoto yopopa septic titawafotokozera bwinobwino zomwe zinali m'katimo. Alonda tinawagulira tochi, kandulo ija tinaichotsa.